Ndikulitaya chaka chino, ana akuti ndikapume kumudzi koma kwina akundiitana ntchito

Uthenga uwu wachokera kwa bambo wina, ndaufupikitsa pang'ono: "Adokotala, ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale ya boma. Ndaphunzitsa zaka 36 ndipo chaka chino ndikukwanitsa 60, nthawi yopuma yakwana. Sukulu ina ya pulaiveti pa tauni pano yandiitana kuti ndikakhale hedi wawo ndikangotuluka m'boma. Ana anga akukana, akuti ababa mwatopa, inu ndi amayi pitani kumudzi mukapume, ife tizitumiza kangachepe. Ndili ndi BP, mankhwala ndimamwa ngakhale masiku ena ndimaiwala, komanso bondo lakumanja limandivuta kukazizira. Koma chikundiopsa kwambiri ndi choti anzanga awiri omwe analitaya patsogolo panga sanathe zaka zitatu, tinakawaika. Anthu amati kupuma pa ntchito kumapha. Ndi zoona? Ndipitirize kapena ndimvere ana?"

Zikomo aphunzitsi. Uthenga wanu ndauwerenga kawiri chifukwa wandikumbutsa ine ndemwe. Ndinagwira ntchito ya clinical officer zaka zoposa 30, zambiri mwa izo ku kliniki ya BP ndi shuga, nanenso tsiku lolitaya linandipeza, pano ndili ndi 67 ndipo ndimapitabe pa kachipatala kena masiku atatu pa sabata. Nde mantha anuwo ndikuwadziwa, ine ndinagona nawo miyezi. Koma mtima ukhale pansi kaye. Zaka 60 si matenda, ndi nambala yomwe boma linaika pa malamulo a ntchito kuti pakhale dongosolo, thupi lanu silinasainire nawo. Andale mumawaona inu, ena adutsa 80 akuimabe pa nsanja dzuwa lili paliwombo, palibe amawauza kuti akapume kumudzi. Munthu yemwe mukuyenda nokha, mukuona, mukumva, mukuyendetsa sukulu yonse, simunathe ayi.

Tiyambe ndi anzanu awiri aja, mizimu yawo iuse mumtendere. Nkhani ngati yawo ndaiona kambirimbiri ndipo kawirikawiri imayenda chonchi. Munthu amafika pa 60 ali kale ndi BP kapena shuga wa zaka khumi osadziwa, kapena akudziwa koma mankhwala akumwa mwa apo ndi apo ngati mmene mukuchitira inumu, eee ndakugwirani pamenepo ndipo tibwererako. BP siipweteka, nchifukwa chake anthu amaiderera, koma mkatimu imakhala ikudya mitsempha ya mu ubongo, mtima ndi impso ngati chiswe mu mitengo ya denga. Tsiku lomwe denga lagwa aliyense amati ndi mphepo ya usiku wathawu. Nde sitiroko ikabwera patatha chaka munthu atalitaya, pa maliro timanong'onezana kuti mwaona, kupuma kwamupha, chonsecho chiswe chinalowa kalekale akadali pa ntchito. Ena amachoka pa ntchito msanga chifukwa choti ayamba kale kudwala, nawonso timawawerengera komweko.

Komabe sikuti anthu akunamiratu. Pali chinachake chimachitikadi munthu akalitaya, ndipo ndikufuna muchione bwino chifukwa yankho lanu lonse lagona pamenepa. Ntchito yanuyo yakhala ikukupatsani zinthu zomwe sizilembedwa pa pay slip. Taganizani tsiku lanu mmene limayendera. Mumadzuka kusanache chifukwa asembule siidikira munthu, mumasamba, mumavala bwino, mumazungulira kuchoka ku ofesi kupita ku Sitandade 1, kubwerera ku Sitandade 8, kukaima pa geti kuthamangitsa ochedwa, kuimirira pa bolodi, osadziwa nkomwe kuti mwayenda mtunda ndithu. Mumalankhula ndi ana, makolo, a komiti, a PEA, alangizi a zamaphunziro a m'dera, akabwera, mutu uli pa ntchito tsiku lonse. Mukadutsa pa msika anthu amati a hedi mwaswera bwanji. Tsiku lolitaya zonsezi zimaduka kamodzi ngati magetsi. Sabata yoyamba imakoma, mumagona mpaka 8 koloko. Ukamafika mwezi wachitatu munthu ali pa mpando pakhonde ndi wailesi kuyambira mmawa, akudya mitanda yomweija ya munthu wogwira ntchito koma osaiwotcha, mimba ikukula miyendo ikuonda, foni yomwe inkalira tsiku lonse ili zii. Kenako amapeza anzake pa bawo, bawo payokha ndi yabwino imagwiritsa mutu ntchito, koma bawo ya pafupi ndi shabini imayamba 10 koloko mmawa ndipo sizitha bwino. Mkulu wina yemwe ndinkamuona ku kliniki ankabwera mwezi uliwonse ndi dandaulo latsopano, lero msana, mawa mutu, timuyeza osapeza kanthu, mpaka tsiku lina anandiuza yekha kuti chomwe chikumuwawa ndi choti palibenso amamufunsa nzeru pa chilichonse. Amenewo nawo ndi matenda aphunzitsi, ndipo amatsitsa munthu msanga.

Ndiye ndikayankha mwachidule, kusiya ntchito pakokha sikupha. Zomwe ndaona zikutha anthu ndi kusiya kuyenda, kusiya mankhwala, kutalikirana ndi anthu ndi kusowa chodzukira mmawa. Zinthu zimenezi mukhoza kuzisunga muli pa ntchito kapena mulibe, ndipo mukhozanso kuzitaya muli pa ntchito yolakwika.

Za kuyendazi ndiime pang'ono chifukwa ana anu akuyenera kumva. Minofu ya munthu imayamba kuchepa pang'onopang'ono tikadutsa zaka za m'ma 30, ndipo tikadutsa 60 imachepa mothamanga, makamaka ya m'ntchafu ndi m'matako yomwe imatidzutsa pampando ndi kutigwira tikapunthwa. Mnyamata akagona sabata ziwiri ndi malungo amadzuka nkukasewera mpira, ife tikagona sabata ziwiri miyendo imatenga miyezi kuti ibwerere. Nchifukwa chake mawu oti ababa khalani pansi tikuchitirani, ngakhale ndi achikondi, ine amandiopsa. Tayesani ichi lero lomwe. Tengani mpando wa m'kalasi wopanda mikono, muutsamiritse ku khoma kuti usaterereke, manja muwapingase pachifuwa, nde muzidzuka nkukhala, kudzuka nkukhala kwa masekondi 30, amayi akuwerengereni. Bambo wa zaka 60 mpaka 64 akalephera kufika ka 14 ndiye kuti miyendo yatsalira mmbuyo ikufunika ntchito. A WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, zija zoti mtima ukugunda ndithu, mukupuma mwamphamvu koma mukutha kucheza ndi mnzanu, nde ndi mphindi 30 masiku asanu basi. Amaonjezera masiku awiri a zolimbitsa minofu, ndipo kwa omwe tafika 65 amati tiziphunzitsanso thupi kusagwa, monga kuima ndi mwendo umodzi mutayandikira khoma. Musaganize za jimu ndi masuti othamangira ayi. Kuyenda ndawala kupita ku msika mmalo mokwera kabaza, kupalasa njinga, kuthirira dimba ndi makeni awiri, kukankha wilibala ya manyowa, zonsezo zimawerengedwa.

Tsopano za uhedi wa pa pulaiveti. Ndikuuzeni mosapsatira, kugwira ntchito pitirizani, koma mpando wa uhedi umenewo ine ndikanakhala inu sindikanauthamangira. Hedi wa m'boma ndi hedi wa pa pulaiveti ndi nyama ziwiri zosiyana. Pa pulaiveti pali mwini wake, dayirekita, mwina wa msinkhu wa mwana wanu woyamba, ndipo sukuluyo ndi bizinesi yake. Masukulu ambiri otere hedi ndi amene amatsegula geti mmawa nkutseka madzulo, ndi amene amabweza ana a fizi nkulandira mkwiyo wa makolo, Loweruka kuli makalasi, pa holide kuli makalasi, zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka zosakoma woyamba kufunsidwa ndi yemweyo. Munthu wa BP yemwe akuiwala kale mankhwala mukamuika pamenepo, ngakhale tsiku la kliniki adzalisowa. Ine ndinalakwitsa chomwechi. Nditangolitaya ndinalandira ntchito ya masiku onse pamalo ena, ndi ma call a usiku omwe, poganiza kuti ndikadali yemwe uja wa zaka 40. Isanathe miyezi isanu ndi umodzi BP yanga inali itakwera, tulo kulibe, ndikukalipira odwala opanda chifukwa, amayi kunyumba ndi amene anandikhazika pansi. Ndinasiya, nkukapeza kwina komwe tinagwirizana masiku atatu opanda usiku, ndalama ndi yocheperako koma ndakhalapo zaka tsopano.

Nde dziwani chomwe a sukuluyo akufuna kwa inu. Akufuna dzina lanu ndi luso lanu, kuti makolo amve kuti a hedi aja ali kuno tsopano. Ndiye kuti pokambirana mphamvu muli nazo ndinu, musapite ngati wopempha ganyu. Auzeni kuti ndibwera masiku atatu kapena anayi, ndiziphunzitsa masamu kapena Chingerezi ku Sitandade 7 ndi 8, ndiziona ma scheme ndi ma lesson plan a aphunzitsi achinyamata, ndizikhala kumbuyo kwa kalasi kuwaonerera nkuwawongola, koma za fizi ndi makiyi a geti mupatse wina. Ngati aumirira kuti ndi uhedi basi, vomerani chaka chimodzi chokha, pakhale wachiwiri wanu wamphamvu yemwe mukumukonzekeretsa, chaka chikatha mukhale pansi muone mmene thupi layankhira. Izi zikuthandizaninso pa miseche ija yoti madala awa akutsekera ana, chifukwa tinene zoona, aphunzitsi a IPTE, achinyamata omaliza maphunziro ku makoleji a uphunzitsi, akhala akudikira nthawi yaitali kuti alembedwe, mawuwo ali ndi pake. Mukakhala munthu wosula achinyamata palibe angakulozeni chala, paja akuluakulu ndi mdambo mozimira moto. Ndipo ngati zokambiranazo zakanika si mapeto a dziko, ana ofuna kuwathandiza masamu madzulo ali mbwee, sukulu za kwacha zilipo, sukulu za mmera mpoyamba zimasowa munthu wodziwa kuyendetsa zinthu, ku mpingo mabuku a chuma akufuna munthu wolemba zooneka.

Chilichonse mwagwirizana chilembedwe. Ife a m'boma tinazolowera kuti malamulo a ntchito alipo kale, kunjaku mawu a pakamwa amauluka. Kontrakiti inene maola, masiku, salale ndi tsiku lolandira, inene ngati mumalandira miyezi ya holide chifukwa masukulu ena salipira sukulu ikatseka, inene za masiku odwala ndi tsiku lanu la kliniki, ndi notisi ngati wina akufuna kusiya. Lamulo la penshoni la 2011 linabweretsa zoti bwana aziika 10 peresenti wantchito 5 peresenti, ndipo mu 2023 panabwera lamulo latsopano mmalo mwake, nde afunseni alembe poyera kuti kwa inu zikhala bwanji, penshoni kapena gratuity, ndalama ija amapereka kamodzi pakutha pa kontrakiti. Musanasaine, ipititseni ku ofesi ya leba ya pa boma lanu akuonereni, safunsa anadya phula.

Za ndalama sindine katswiri wake koma ndadutsamo ndipo ndaona odwala anga akudutsamo, ndipo BP yambiri ya olitaya imachokera m'thumba. Penshoni ya pamwezi ndi yochepa poyerekeza ndi salale, ndipo kwacha yathu mukuidziwa, mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, amene anali atasunga ndalama zawo phee anaziona zikusungunuka ali maso. Ana akunena zoona kuti azitumiza, mtima ulipo, koma nawonso ali ndi lendi ndi fizi, mwezi wina adzalephera ndipo inu mudzachita manyazi kuimba foni. Kandalama kanu ka pambali kamasunga ulemu pakati pa inu ndi ana. Chinanso, mapepala a penshoni yambani kuwalondola pano, kalata yolembedwera ntchito, makalata okwezedwa, chiphaso cha unzika, muonetsetse kuti tsiku lobadwa ndi kalembedwe ka dzina zikufanana paliponse, chifukwa kachilembo kamodzi kamagoneka fayilo miyezi. Pamakhala kanthawi koti salale yaima penshoni siinayambe, ndipo ngati mukukhala m'nyumba ya sukulu nthawi yomweyo ndi imene mukufunika kutulukamo. Kantchito ka masiku atatu kaja kamakuolotsani pa mtsinje umenewu.

Gratuity ikabwera, chonde. Ndalama imeneyi ili ndi fungo, achibale omwe munawaona komaliza pa ukwati wanu adzatulukira, aliyense ndi pulani ya bizinesi. Yomwe yaliza anthu ambiri omwe ndikuwadziwa ndi minibasi, munthu waphunzitsa moyo wake wonse, injini saidziwa, nde akupereka makiyi kwa dalaivala ndi kondakitala omwe akuidziwa kuposa iye, pakatha chaka galimoto ili pa mawe kuseri kwa nyumba nkhuku zikuikiramo. Yambani ndi denga lanu, nyumba yoti palibe angakutulutseni. Yotsalayo ikhale kaye ku banki kapena ku SACCO miyezi ingapo mutu uzizire, ndipo bizinesi iliyonse yomwe simungathe kuiwerengera nokha pa pepala isiyeni. Ndinenenso ichi poti ndife akuluakulu, gratuity imabweretsanso atsikana omwe dzana ankakutchulani agogo lero akuti adadi. Kachilombo sikafunsa zaka, ndawayambitsapo ma ARV azibambo a imvi omwe anadutsa unyamata wonse bwinobwino nkudzagwa ndi ndalama ya penshoni.

Za kumudzi. Funso langa ndi loti kumudzi kwake kuti, kwanu kapena kwa amayi? Ngati kwanu ndi kwa chikamwini mukudziwa nokha kuti nkhani ya malo siikhala yophweka kwa bambo wobwera ndi katundu pa lole atatha zaka 36 akuzungulira masukulu. Munda ulipo kapena adzukulu a alongo anu anagawana kale? Chipatala chomwe mungatengeko mankhwala a BP chili pa mtunda wanji, nanga nthawi ya dzinja mtsinje ukadzaza? Anthu ambiri amasiya mankhwala pamenepa, osati mwadala koma transipoti. Kumudzi kuli ubwino wake, munthu amayenda, amalima, amadya zamasamba, maliro ndi milandu ya kwa amfumu zimamupatsa pokhala ndi polankhula, ndipo mphunzitsi wopuma amalemekezedwa. Koma kumakomera munthu amene ankapitako, amene anthu akumudziwa. Wokalamba wobwera mwachilendo, wokhala payekha, ndi amene amalozedwa chala mwana akamwalira pamudzi, nkhani za achikulire kuzunzidwa powanamizira ufiti timazimva pa wailesi, mpaka Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza achikulire mu 2024. Sindikukuopsezani, ndikungoti musasamuke ndi lole tsiku limodzi. Pitani pa holide, limani dzinja limodzi muli uku ndi uku, mumange pang'onopang'ono, muone ngati mtima ukukhazikika.

Ndipo aphunzitsi, mwandiuza zomwe ana akufuna, mwandiuza zomwe a sukulu akufuna, koma zomwe amayi akufuna simunanene. Iwo ali ndi moyo wawo pa tauni pamenepo, kaya ndi ku Mvano, kaya ku limana, kaya banki nkhonde, kaya kabizinesi kawo. Kuwazula zonsezo ndi kuwalitayitsa nawonso. Komanso bambo wolitaya amene alibe chochita amasanduka hedi wa kukhitchini, kuwerenga makala, kufunsa kuti mafuta ophikira atha bwanji msanga, mabanja ena amayamba kukangana pa zaka 60 chonsecho anakhala mwamtendere moyo wonse. Khalani nawo pansi awiri musanaitane ana. Anawo mukawauze kuti mwamva nkhawa yawo, ndipo ngati akufuna kuthandiza akugulireni kamakina koyezera BP ndi nsapato zabwino zoyendera, azikufunsani pa WhatsApp kuti lero mwayenda, mankhwala mwamwa.

Tabwerera pa mankhwala paja. Kuiwala masiku ena ndi chinthu choopsa kwambiri mu uthenga wanu wonse, kuposa ntchito, kuposa bondo. Mankhwala a BP sachiza, amangoigwira tsiku limenelo, mukadumpha imabwerera. Aikeni pamalo pomwe dzanja limafika mmawa uliwonse, pafupi ndi mswachi kapena kapu ya tiyi, foni izilira nthawi yomweyo. Tikufuna nambala zizikhala pansi pa 140 ndi 90, muziyeza mutakhala phee mphindi zisanu, nkulemba mu kabuku kuti mukaonetse ku kliniki. Mukamva bwino musasiye, ndipo adyo, chammwamba ndi timabotolo ta zitsamba togulitsa m'basi sizilowa mmalo mwa mapiritsi. Ngati mukumwa amlodipine nkuona akakolo akutupa, kapena mankhwala ena akukuchititsani chizungulire podzuka kapena akukufooketsani ku chipinda, kauzeni adokotala akusinthireni, azibambo ambiri amasiya mwakachetechete chifukwa cha chomalizachi pomwe mitundu ya mankhwala ilipo yambiri. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndi ka supuni kakang'ono ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi wa mu ndiwo, nsomba zouma zamchere ndi timakyubu tokometsera. Mbale ya mchere ichoke patebulo. Nsima chepetsani mtanda umodzi, mgaiwa ndi wabwino kuposa woyera, koma ndiwo zomanga thupi musachepetse, nyemba, usipa, mazira, soya, nsinjiro, chifukwa minofu ija siimangidwa ndi tiyi ndi buledi.

Bondo lovuta kukazizira pa msinkhu wanu kawirikawiri ndi nyamakazi ya kutha kwa kachichereche, kafupa kofewa ka mu mfundo. Anthu amaganiza kuti likamawawa ndiye lisungidwe, koma bondo losayenda limauma ndipo ntchafu ikafooka katundu yense amagwera pa mfundo pomwepo. Kudzuka pampando kuja ndi mankhwala ake, njinganso imalikomera chifukwa siilimenya pansi, ndipo mukatsitsa makilo ochepa lidzakuthokozani. Chenjerani ndi mapiritsi a pa golosale. Brufen, diclofenac ndi indocid amathandizadi ululu koma kumwa tsiku ndi tsiku amakweza BP, amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba, munthu wa BP asamawamwe popanda dokotala kudziwa. Panado ndi kansalu kofunda ndi poyambira pabwino. Bondo likatupa, kutentha, kapena kumakugwetsani, limenelo likaonedwe. Ku munda pitani koma mwanzeru, khasu lathu lalifupili limapinditsa msana, nde limani mmamawa, muziweramuka pafupipafupi, botolo la madzi pambali, dzuwa la Okutobala likakwera bwererani. Mizere ya ekala yonse apatseni aganyu, inu mutenge kubzala, kupalira pang'ono ndi dimba.

Musanayambe ntchito yatsopano kapena kuonjezera zolimbitsa thupi, pitani ku chipatala ndi kabuku kanu mukanene kuti ndikufuna kuyezedwa BP, shuga, impso ndi maso. Maso musawaiwale, mphunzitsi amadya ndi maso, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ku Nkhoma, ku Kamuzu Central ndi ku Queens amachita. Pali zizindikiro zina zoti sizidikira kuti kuche. Kamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera, kuona mdima mwadzidzidzi, imeneyo ndi sitiroko, pezani galimoto nthawi yomweyo ngakhale zitasiya zokha pakatha mphindi khumi, ndipo amayi ndi ana azidziwe zizindikirozi chifukwa wodwalayo nthawi zambiri amakana. Chimodzimodzi kupweteka kapena kuthina pachifuwa poyenda, befu wachilendo, kukomoka. Zina ndi zoti musathe nazo mwezi, monga kudzuka kambirimbiri usiku kukataya madzi kapena mkodzo kutuluka mofooka, zomwe zimaloza ku prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, magazi mu mkodzo kapena chimbudzi, kuonda osadziwa chifukwa, ludzu losatha, chifuwa chopitirira sabata ziwiri, kugwa kawiri pa chaka.

Mutu nawo muziuyang'anira. Kuiwala dzina la mwana wa m'kalasi nkulikumbukira madzulo ndi za tonse. Koma kusochera pa njira yomwe mumaidziwa, kufunsa funso lomwelo kasanu, kulephera masamu a ndalama omwe munkachita mutatsinzina, zimenezo zikaonedwe, ndipo zikafika pamenepo ndi nthawi yotula ntchito pansi mwaulemu anthu asanayambe kunong'ona. Ndipo ngati mutalitaya mwapeza kuti sabata ziwiri zadutsa mulibe chilakolako cha chilichonse, tulo tasowa, chakudya sichikukoma, mukudziona ngati katundu kwa ana, kapena maganizo oti bola kufa akubwera, musati ndine mwamuna ndipirira. Pa chipatala cha boma lanu funsani namwino wa za maganizo, a St John of God aliponso ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, matenda a maganizowa amachizika.

Nde Lolemba likubwerali kayezetseni, mapiritsi mumwe masiku onse osadumpha kwa mwezi, mukambe ndi amayi, kenako mupite kwa dayirekita uja ndi pepala la zomwe inu mukufuna. Mukandilembere nambala za BP ndi nambala ya pampando ija. Yanga sabata yatha inali 15, ngakhale amayi kunyumba akuumirira kuti kamodzi ndinabera ndi dzanja.